Funsani Alangizi: Kodi satifiketi ya masaji ingabweze ngongole yake?

Funso: Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Dallas, ndipo mwana wanga wamkazi wangomaliza sekondale. Akufuna kuphunzira ntchito yotikita minofu, ija timati masaji. Sukulu ina yomwe si yaboma ikufuna $16,000 pa maphunziro a maola 750, ndipo akuti atithandiza kupeza ngongole ya boma. Akutinso ntchitoyi imalipira kuposa $55,000 pachaka. Kodi tisaine? — Mayi wa ku Dallas

Yankho: Mayi, musasaine kaye. Nambala imeneyo sanaipeke, koma si ya mwana wanu. Bungwe la boma la America loona za ziwerengero za ntchito, la Bureau of Labor Statistics, linapeza kuti mu May 2024 malipiro apakati a ogwira ntchitoyi anali $57,950 pachaka. Chiwerengerocho chimatenga munthu ngati wogwira sabata yathunthu chaka chonse, ndipo odzilemba okha ntchito mulibemo. Pomwe masaji ndi ntchito ya manja. Ambiri amatikita maola pakati pa 20 ndi 25 pasabata, kupitirira pamenepo zala zazikulu, mikono, mapewa ndi msana zimayamba kudandaula. Malo ambiri amalipira bwino ola lomwe kasitomala ali patebulo basi. Nthawi yosintha nsalu, yolemba mbiri ya kasitomala, kapena yodikira munthu amene sanabwere, mwina amalipira pang'ono, mwina ayi.

Ndiye werengani motere. Tiyerekeze kuti poyamba akulandira $25 pa ola lotikita, maola 20 pasabata, masabata 48 pachaka. Zikukwana $24,000, kuonjezerapo ndalama za zikomo zomwe makasitomala amasiya, zomwe sizidalirika miyezi yoyamba. Akamulemba ngati wodziyimira payekha, pa fomu ya msonkho ya 1099 osati W-2 ya olembedwa ntchito, azilipira yekha msonkho wa 15.3 peresenti wa Social Security ndi Medicare (penshoni ndi thandizo la kuchipatala la okalamba), komanso inshuwalansi ya kuchipatala ndi yake yomwe.

Tsopano ngongole. Ngongole za boma za ophunzira zomwe zinatengedwa m'chaka cha 2025–26 zili ndi chiwongoladzanja cha 6.39 peresenti. Mukakongola $10,000 yobweza pa zaka 10, muzilipira pafupifupi $113 pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi $13,560. Mu 2023 Dipatimenti ya Maphunziro inaika muyezo woyesera masukulu a ntchito zamanja: zobweza pachaka zisapitirire 8 peresenti ya zomwe munthu amapeza. Ifenso timaukonda muyezowu poyesa bajeti ya pakhomo. Pa $24,000, malire ake ndi $1,920 pachaka, kapena $160 pamwezi. Ngongole ya $10,000 ikulowa. Ya $16,000, yomwe ndi pafupifupi $181 pamwezi, yadutsa kale mzere.

Chomwe tikukayikira kwambiri ndi maola 750 aja. Texas, chigawo chomwe muli Dallas, imafuna maola 500 okha kuti munthu apeze laisensi, kenaka akhoze mayeso a ntchito ya masaji otchedwa MBLEx ndi ena a malamulo a chigawocho. New York ndi yomwe imafuna 1,000. Nanga maola 250 oonjezerawo ndi achiyani? Nthawi zina amakhala aphindu, makamaka ngati mwanayo akuganiza zodzasamukira kuchigawo chofuna maola ambiri. Koma dziwani kuti kwa zaka zambiri thandizo la ndalama la boma lotchedwa Pell, lomwe silibwezedwa, lakhala likuperekedwa pa maphunziro oyambira maola 600 kupita m'mwamba, motero masukulu ali ndi chifukwa chawochawo chotalikitsira. Mu 2025–26 Pell yokwanira inali $7,395 pachaka cha maola 900. Pa maola 750 imatsika kufika pafupifupi $6,160, ndipo izi ndi za banja loyenerera yonse. Ngati mwana wanu angailandire, ngongole ikhala pafupifupi $10,000 ndipo nkhani yasintha. Ngati sangalandire, sukulu ya maola 500 yotchipa, kapena community college (koleji ya boma ya m'dera) yapafupi, ndiye yanzeru.

Lembani fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo ndi ngongole za boma, musanapite kukakambirana ndi sukulu iliyonse, ndi yaulere. Fufuzani sukuluyo pa College Scorecard, pomwe boma limaonetsa ngongole ndi malipiro enieni a omwe anamaliza, ngati chiwerengero chilipo. Afunseni kuti mwa omwe anayamba chaka chatha anamaliza ndi angati, ndipo anakhoza MBLEx ndi angati. Yankho likhale lolembedwa. Funsaninso ngati tebulo, mafuta, mabuku ndi yunifomu zili m'kati mwa fiziyo, chifukwa mayeso, laisensi ndi inshuwalansi ya pantchito nthawi zambiri zimakhala zapadera.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusiyira panjira. Ngongole imakhalapobe ngakhale satifiketi palibe, ndipo kubweza kumayamba pakatha miyezi 6 chichokereni pasukulu. China ndi ngongole ya kubanki kapena ya sukuluyo yotsekera mpata wotsala. Imeneyo ikaneni. Ngongole ya boma ili ndi njira zochepetsera zobweza malipiro akachepa, pomwe ya kubanki kawirikawiri sikumva zimenezo.

Funso: Ine ndili ku Lilongwe. Ndingapite ku America kukaphunzira masaji pa ngongole yomweyi, n'kumabweza ndi ntchito? — Mnyamata wa ku Area 25

Yankho: Ayi achimwene. Pell ndi ngongole za boma ndi za nzika za America ndi ena ochepa ololedwa, monga okhala ndi green card. Wobwera kudzaphunzira ntchito yamanja amalowa pa viza ya M-1, yomwe imafuna umboni woti muli ndi ndalama zokwanira fizi ndi zodyera, ndipo simuloledwa kugwira ntchito maphunziro ali m'kati. Mukamaliza, chilolezo choyeserera ntchito chimakhala mwezi umodzi pa miyezi inayi iliyonse yomwe mwaphunzira, osapitirira miyezi 6. Maphunziro a miyezi 8 akupatsani miyezi iwiri yokha, yomwe singabweze ngakhale theka la fizi. Ngati cholinga ndi kudzagwira ntchito m'mahotela a kunyanja kapena m'masaluni a m'tauni, yambani mwafunsa olemba ntchitowo satifiketi yomwe amaivomereza, kenaka mufufuze komwe ikuphunzitsidwa kuno kapena ku South Africa, ndi mtengo wake.