Si mwano ayi mayi, akukudererani

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Akuti mlamu wawo, chimalizireni maphunziro ku Chanco, yunivesite ya kuno ku Zomba, ukamupatsa moni amangogwedeza mutu maso ali pafoni. Akufunsa ngati angakanene kwa ankhoswe kuti mlamuyo ndi wamwano.

Mayi, mukapita ndi mawu amenewo mlandu ukakugwerani. Mwano umachokera pansi kupita pamwamba: mwana kubweza mawu kwa kholo, mtengwa kutsonya apongozi akulankhula. Ndipo umafuna umboni. Ankhoswe akakufunsani kuti ananena chiyani, pamaso pa ndani, inu n'kungoti kakasi poti munthuyo sanatsegule n'komwe pakamwa.

Zimene akukuchitanizo ndi kuderera. Woderera amakhala atakuyezani kale n'kupeza kuti simukwana, ndiye sataya nanu mawu. Amakupatsani nsonga za zala m'malo mwa dzanja, mukafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingelezi akudziwa kuti simumva, mukapereka ganizo pamaliro amadikira wina alibwereze ndiye n'kuvomera. Matama ndi ena. Wamatama amadzitama ngakhale mu minibasi ya ku Liwonde momwe palibe akumudziwa, ndipo n'chifukwa chake timati "ali ndi matama", osatchula wolakwiridwa. Kuderera kumafuna munthu: wandiderera, watiderera. Akafika poseka zovala zanu kapena matemba amene mwaphika, pamenepo ndiye wayamba kunyogodola.

Ndipo Zomba khalidwe ili timalilekerera kwambiri. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, yunivesite ili pompano, moti kuyambira kale wovala tayi amapatsidwa mpando, wogulitsa tomato mumsika n'kukhala pamphasa. Ena amati ophunzira amangokhala ofatsa. Bodza. Wofatsa amafatsira aliyense, pomwe woderera akaona bwana wake amadzuka msangamsanga n'kupereka moni ndi manja awiri.

Kalembedwe
Poti mwina mulemba kalata: ndi kuderera, osati kudelera. Pambuyo pa e ndi i timalemba r, pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga mu kunyogodola. Samalaninso ndi -dzi-, chifukwa "amadziderera" akutanthauza kuti munthuyo amadziona wachabe yekha.

Kwa ankhoswe kanenani kuti "alamu amandiderera", mutchule zochitika ziwiri kapena zitatu, tsiku lake ndi amene analipo. Koma yambani mwauza amuna anu, poti ankhoswe akafunsa ngati nkhaniyi mwaikambako kunyumba.