Manjenje anga si kachasu: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Mayi, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mwati adokotala akupezani ndi matenda a Parkinson, mukufuna kusonkhanitsa odwala anzanu, koma ana anu akuti mukhale chete kuopa manyazi. Mukufunsa ngati muwamvere. Funso limeneli landilasa mtima, chifukwa ine ndinakhala chete zaka zinayi zathunthu.

Kwa ine zinayambira pa choko. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Bvumbwe. Ndikamalemba pa bolodi, zilembo zinkayamba zikuluzikulu kumanzere, pofika kumanja zasanduka nyerere, ana a kumbuyo n'kumadandaula kuti sakuona. Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera ndikangolitsamiritsa pantchafu, chala chachikulu chikukhulana ndi chinzake ngati ndikuwerenga ndalama. Ndikagwira khasu linkaleka. Mabatani a malaya ankanditengera nthawi mpaka madzi a tiyi kuzizira.

Anthu sanachedwe kupeza chifukwa. Ena amati ndi kachasu, chonsecho mowa sindinaulawepo. Ena amati ndinakhwimira uhedimasitala ndiye ndaphonya chizimba. Alamu anga ananditengera kwa sing'anga kutsidya kwa Muloza, tinasiyako mbuzi, dzanja osasintha. Ndiye ndinalilowetsa m'thumba la jekete, n'kumavala jeketeyo ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi ndinasiya kuwerenga mawu chifukwa Baibulo linkagwedera pamaso pa mpingo wonse.

Ku Queens ku Blantyre n'kumene dokotala anandiyendetsa m'khonde uku akundiyang'ana, n'kundifotokozera kuti maselo a mu ubongo amene amapanga dopamine, chinthu chothandiza thupi kuyenda bwino, amafa pang'onopang'ono, ndiye thupi limauma, kuyenda kumachedwa, manja amanjenjemera. Sapatsirana. Sachizika, koma mankhwala otchedwa levodopa amachepetsa mavutowa. Dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza kale mu 1817, ndipo bungwe loona zaumoyo la WHO likuti mu 2019 odwala padziko lonse anali oposa 8.5 miliyoni. Ndinalira m'minibasi pobwerera, osati ndi mantha ayi, koma kuti chinthu chodziwika chonchi ndinachibisa ngati ndaba.

Ana anu amakukondani, koma apa alakwitsa, ndipo sindibisa mawu. Mu 1996 katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anayatsa muuni wa masewero a Olympics ku Atlanta dzanja likunjenjemera dziko lonse likuona. Katswiri wa mafilimu Michael J. Fox anaulula za matenda ake mu 1998, pofika 2000 anakhazikitsa bungwe lothandiza kafukufuku. Omotola Thomas, mayi wa ku Nigeria amene akudwala matenda omwewa, ndiye anayambitsa bungwe la Parkinson's Africa. Onsewa ndi odwala eni ake. Munthu wathanzi akamalankhula za manjenje, anthu amangogwedeza mitu. Tsiku limene ine ndinatulutsa dzanja m'thumba pa msonkhano wa amfumu n'kunena kuti "onani, ndi matenda awa, ali ndi dzina," mayi wina ananditsatira mpaka pamsewu, nati bambo ake akhala m'nyumba zaka ziwiri osatuluka chifukwa mudzi umawatcha mfiti. Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi misonkhano imene athanzi amatilankhulira, ife atatikhazika kutsogolo kuti atijambule zithunzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya zakezo timazidziwa ndi ife.

Za kalongonda

Izi simunafunse, koma kuno kwathu muzimva ndithu. N'zoona kuti kalongonda, yemweyu timadya ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ali ndi levodopa wachilengedwe. N'chifukwa chake agogo athu amamuphika tsiku lonse n'kumataya madzi. Bambo wina wa m'gulu lathu atamva zimenezi anadya wosapsetsa, anasanza usiku wonse mutu utasokonekera. Mlingo wake m'mbale sungaudziwe, choncho musayese popanda adokotala. Koma ndikumvetsa chimene chinawakankha: mapiritsi sapezeka kawirikawiri, ndipo kugula kufamase mwezi ndi mwezi kumatha penshoni. Nkhani ya mankhwalayi ndi imene timafuna kukaitula kwa akuluakulu a zaumoyo tili gulu, osati mmodzimmodzi. Palinso ya anzathu opopera mankhwala opha udzu m'minda, poti kafukufuku wasonyeza kuti paraquat amawonjezera chiopsezo cha matendawa, koma imeneyo ndidzalemba padera.

Ndiye poyambira, mayi: pezani anthu awiri kapena atatu, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amawadziwa. Dziwitsani amfumu. Kumanani nthawi imene mankhwala akugwira bwino m'thupi, kuti mawu azituluka. Pa 11 Epulo, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, pemphani mphindi zochepa kutchalitchi kapena pa wailesi ya m'dera. Ife timakumana Loweruka loyamba la mwezi pansi pa mtengo wa mango. Mukabwera, mutenge mwana wanu amene akukanitsitsayo, adzakhale pafupi ndi mwana wanga wamkazi, amene poyamba ankakananso chimodzimodzi.