Mwana wanga akufuna kuphunzira za zipembedzo, kodi ndimuletse?

FUNSO: Malume, ine ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mwana wanga wamkazi anakhoza bwino MSCE kumudzi, ndiye ndinamuitanitsa kuno ku Joni kuti apitirize sukulu. Koma iye wakakamira kuti akufuna Religion Studies, maphunziro a za zipembedzo, ku University of Johannesburg (UJ). Ife ndife a CCAP. Mkulu wa mpingo wina wandiuza kuti maphunziro amenewa amalanda anthu chikhulupiriro, pomwe mlamu wanga akuti n'kutaya ndalama. Kodi akamaliza adzakhala mbusa? Ndimuletse? Mayi wothedwa nzeru, Rosettenville.

YANKHO: Mayi, musamuletse. Koma tiyambe tachotsa nkhani ya ubusayo. Mu CCAP munthu sadzitenga yekha kukhala mbusa. Sinodi ndiyo imasankha n'kumutumiza ku sukulu zake za ubusa, monga ija ya ku Zomba. Zimene mwana wanu akufuna n'zina. Kumeneko saphunzitsa kulalikira kapena kuika maliro. Amafufuza chimene anthu amakhulupirira, mmene chinayambira, amene anachifalitsa, ndi zimene chimachita pa ukwati, pa ndale ndi pa ndalama. Chikhristu, Chisilamu, Chiyuda, Chihindu ndi zipembedzo za makolo athu, zonse amaziika pa tebulo limodzi. Pa mayeso safunsa ngati wophunzira amapemphera. Amafunsa ngati angafotokoze chikhulupiriro cha mnzake mwachilungamo, mpaka mwini wake n'kuvomera kuti eya, ndi mmenemo.

Mkulu wa mpingoyo sikuti wanama zonse. Mwana wanu adzamva zinthu zimene ku Sande sukulu sanamvepo: kuti mabuku a m'Baibulo analembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka mazana ambiri, m'Chiheberi, m'Chiaramu ndi m'Chigiriki, ndiponso kuti akatswiri amatsutsana pa za amene analemba ena mwa iwo. Adzabwera kunyumba ndi mafunso ovuta nthawi ya nsima. Ena amagwedezeka, inde. Koma ine ndaona achinyamata ambiri akusiya tchalitchi chifukwa cha mashifiti a Lamulungu kumalo odyera a ku Sandton kuposa chifukwa cha buku.

Ndipo kunena zoona, mwana wa ku Malawi ali ndi mwayi pa phunziroli chifukwa nkhani zake ndi zakwathu. Taganizani za Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay. Anagwirapo ntchito ku migodi ya kuno, kenako anakakhala ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, nabwerera kwawo mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu zikwi zambiri, mpaka boma la atsamunda linamugwira n'kumuchotsa m'dzikomo mu 1909. Mpingo unayenda pa msewu womwewu umene inu ndi ine tinadzera pofuna ntchito. Onjezanipo John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915, kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Mzungu amakwera ndege kukafufuza zimenezi, pomwe mwana wanu angofunsa agogo ake m'chinenero chawo.

Joni nayenso ndi kalasi payekha. Lamulungu apite ku Melville Koppies, pafupi ndi kampasi ya UJ ya ku Auckland Park, akaone magulu ovala mikanjo yoyera, yobiriwira ndi yabuluu akuvina mozungulira pa bwalo lopondedwa mpaka kuuma. Lachisanu masana adutse ku Mayfair, kumene mashopu amatsekedwa anthu akuthamangira ku mzikiti. Pa Pasaka awerenge mabasi a mpingo wa Zion Christian Church (ZCC) opita ku likulu lawo ku Moria.

Mlamu wanu ndiye wakhudza penipeni. Digiri ya zipembedzo yokha siitana ntchito. Pa digiri ya BA munthu amatenga maphunziro akuluakulu awiri, choncho lachiwirilo asankhe ndi maso: mbiri yakale, Sociology kapena Chingerezi. Akafuna uphunzitsi awonjezere chaka cha PGCE, satifiketi ya uphunzitsi, n'kulembetsa ku SACE, bungwe la aphunzitsi a kuno. Kuno Religion Studies imaphunzitsidwa kuyambira Giredi 10 mpaka 12, ngakhale si sukulu zambiri zimene zili nayo, ndipo kwathu Bible Knowledge ikadalipo ku sekondale. Ena amalowa m'mabungwe othandiza anthu kapena utolankhani.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si chikhulupiriro chake ayi, koma mapepala. Satifiketi ya MSCE siyomulowetsa yokha pa digiri. Iyenera kuunikidwa ndi Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo angauzidwe kuti ayambe wawonjezera maphunziro ena. NSFAS, thandizo la boma la fizi, ndi ya nzika za dziko lino ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika kuno basi, ndiye fizi ndi yanu. Amafunikanso study visa ndi medical aid ya kuno. Ngati analowa pa Beitbridge ndi chidindo cha masiku 30, lamulo silimulola kuchisintha ali mkati muno. Ayenera kubwerera kukafunsira ku Lilongwe ali ndi kalata yomulandira ya yunivesite.

Mukawerengera n'kuona kuti thumba silikwana, musachite manyazi. University of South Africa (UNISA) imaphunzitsa za zipembedzo munthu ali kunyumba, ndipo University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University zili ndi madipatimenti a phunziro lomweli, kumene MSCE yakeyo amaidziwa kale. Mutengane tsiku lanu lopuma mukafunse ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja ku Auckland Park, mutanyamula satifiketi yeniyeniyo ndi pasipoti yake.