Mlongo wanga wamira mu kachasu kumudzi: kodi ndimutsekere m'nyumba kuno ku Lusaka?

Mayi wina wa ku Mtendere, amene kwawo ndi ku Katete, wanditumizira imelo yokhudza mlongo wake wamng'ono. Mwachidule akuti chaka chatha anamutumizira ndalama ya feteleza pafoni, koma feteleza sanafike m'munda. Mlongoyo amayamba kachasu dzuwa lisanakwere, ndipo akapanda kumwa manja amanjenjemera moti sangagwire kapu. Amasutanso chamba. Amayi awo akuti walodzedwa. Maganizo a mayi wotilemberayu ndi oti amukweze basi, amutsekere m'chipinda milungu iwiri mpaka mowa utuluke m'thupi. Akufunsa ngati zimenezi zingathandize.

Mayi, musamutsekere. Munthu amene wafika ponjenjemera m'mawa sangasiye mowa mwadzidzidzi popanda achipatala, chifukwa kusiya kotero kukhoza kumupha.

Ndifotokoze chifukwa chake. Mowa umagonetsa ubongo. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo umazolowera kugwira ntchito mwamphamvu kuti ulimbane ndi tulo ta mowato. Mukauchotsa mowa kamodzin'kamodzi, mphamvu ija imasowa choiletsa. Pakangopita maola 6 mpaka 24 munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Masiku awiri asanathe ena amagwa ndi kuphupha ngati wa khunyu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena mutu umasokonekera, thupi limatentha, mtima umathamanga, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, amamva mawu a anthu amene kulibe. Apa ndi pamene abale amati, "Mwaona, si tinanena kuti ndi za anthu izi?" Amayi anu musawanyoze. Iwo akunena zimene maso awo aona, ndipo zimaopsadi. Koma matendawa ali ndi dzina, delirium tremens, ndipo kuchipatala amawadziwa bwino. Amapereka diazepam wochepetsa kunjenjemera ndi kuphupha, amabaya vitamini B1 woteteza ubongo, amaika dripu ngati thupi lauma. Sizinthu zodula kapena zosowa. Chofunika ndi chakuti wodwalayo akhale pamaso pa anamwino masiku oyambawo, osati kuseri kwa chitseko chokiya inu muli kuntchito. Diazepam yemweyo musagule nokha n'kumamupatsa kunyumba: akasakanikirana ndi mowa akhoza kuimitsa mpweya.

Anthu ambiri kuno akangomva za mowa amaganiza za Chainama, chipatala cha matenda a m'maganizo. Chipatalacho chilipo pa Great East Road ndipo chimathandiza oledzera ndi osuta chamba, koma poyambira si pamenepo. Yambani ndi kiliniki ya pafupi ndi mudzi wanu, ndipo akaona kuti n'zazikulu amutumiza ku St Francis ku Katete komweko kapena ku Chipata Central. Mukafika nenani zoona: amamwa chiyani, kangati, anamwa komaliza liti, anagwapo kale kapena ayi. Abale ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, n'kunena kuti ndi malungo chabe. Pemphani amuone chiwindi, amuyeze chifuwa chachikulu ndi HIV. Chidakwa sichidya mokwanira, thupi limafooka, ndipo chifuwa chachikulu chimalowa mosavuta. Ngati ali pa ma ARV, funsani ngati sakudumpha masiku. Maso achikasu, mimba yotupa, miyendo yotupa, chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi, zimenezo sizodikira mawa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji kachasu, pamene agogo athu ankamwa mowa osafika potere. Mowa wa masese unali ndi nthawi yake: pa dima, pa chiliza, pa ukwati, ndipo unali wofooka, womwera pagulu akulu akuona. Mowa wa m'botolo ngati Mosi mphamvu yake ndi 4 kapena 5 peresenti. Kachasu ndi wotcheza. Gaga, shuga ndi madzi zikasasa amaziwiritsa, nthunzi imadutsa mu paipi n'kudontha, ndipo botolo loyamba, limene amati mutu, likhoza kuposa ngakhale mowa waukali wa m'sitolo wa 40 peresenti. Palibe amene amayeza. Wakumwa sadziwa chimene walowetsa m'thupi, ndipo mtengo wake ndi wotsika moti ganyu ya m'mawa umodzi imakwana kuledzera tsiku lonse. Pali ngozi inanso: mowa ukasakanizidwa ndi spiriti ya methanol, munthu amaoneka bwino kwa maola angapo, kenaka mutu ndi m'mimba zimapweteka, maso amachita chifunga, ndipo akachedwa amachita khungu kapena kufa. Koma musaganize kuti kachasu "woyera" ndi wabwino. Ambiri amene mowa ukuwapha akuphedwa ndi mowa weniweniwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 2.6 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mowa.

Boma linayesapo. Mu 2012 a Nkandu Luo, ali nduna yoona za maboma aang'ono, analetsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi ta pulasitiki, ndipo ine ndimati anachita bwino, chifukwa timapaketi tija tinkalowa m'thumba la yunifomu ya mwana wa sukulu. Koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo tafika pa kantemba kalikonse. Lamulo la ziphaso za mowa la 2011 lilipo, loletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inatuluka mu 2018. Koma kumudzi wa khonsolo safika, ndipo wotcheza kachasu si mlendo: ndi azakhali, ndi mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo amene akufuna sopo, mchere ndi nsapato za ana. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, koma yunifomu ndi makope zimafunabe ndalama. Kumuswera migolo osamupatsa njira ina yopezera ndalama kumangosamutsira ntchitoyo kuthengo. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri anyakwawa amene amaika malamulo otheka kuwasunga, monga kusagulitsa m'mawa nyengo yolima, kusagulitsa kwa ana ndi kwa amayi apakati, ndi kusalandira mbewu, feteleza kapena khasu ngati malipiro a mowa.

Tsopano za ndalama zanu, pakuti apa ndi pamene muli ndi mphamvu lero lomwe. Musamutumizirenso ndalama pafoni yake. Si chilango ayi. Munthu wodwala chonchi akagwira ndalama, ludzu limayankhula iye asanaganize. Feteleza lipirani kwa wogulitsa ku boma, matumba akatengedwe ndi mlamu wanu, mkazi wakeyo, kapena amayi. Nyengo yoopsa kwambiri ndi ya zokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene ndalama ya thonje, soya, mtedza ndi chimanga chogulitsa ku FRA, bungwe la boma losunga chakudya, imalowa nthawi imodzi, ogula oyendayenda ali pakhomo ndi sikelo. Gwirizanani pabanja nkhokwe isanatsegulidwe: matumba angati ndi akudya mpaka Malichi, angati ogulitsa, ndalama isungidwa ndi ndani. Banki ya m'mudzi kapena chilimba m'dzina la mlamu wanu zingathandize.

Mlamuyo mumufunse payekha, mosazungulira, ngati amamenyedwa, ndiponso ngati ana akugona ndi njala. M'kalata yanu simunamutchule kwambiri, koma ndiye akusenza katunduyu usiku uliwonse. Ngati pali nkhanza, apolisi ali ndi Victim Support Unit, ndipo manambala a foni opempherapo thandizo, 933 ndi 116, ndi aulere. Chinanso chimene ndikupempha ndi mtima wonse: mankhwala opopera thonje ndi oteteza chimanga achoke m'nyumba mwake, akakiyiridwe kwa wachibale wina. Kumidzi anthu ambiri amene amadzipha amamwa mankhwala otere, nthawi zambiri atakangana ali oledzera. Akanena zoti watopa ndi moyo, musazitenge ngati zoyankhula za mowa.

Chamba ndichidutse mwachidule: kusiya chamba sikupha ngati kusiya mowa, koma mwa anyamata ena chimautsa misala, choncho achipatala auzidwe. A DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, samangogwira anthu, alinso ndi alangizi.

Poyankhula naye sankhani m'mawa asanamwe, pakhale amalume ndi munthu mmodzi amene iye amamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo kaya mnzake amene anasiya mowa. Musamuunjikire mudzi wonse. Kwathu kwa Achewa iye ndiye mwini mbumba, malume wa ana anu, ndipo mumuuze kuti mukumufuna pa udindowo. Mapemphero apitirire, amayi asaletsedwe, koma ayendere limodzi ndi chipatala. Akatuluka kuchipatala ntchito yeniyeni ndiye yayamba, chifukwa anzake a pa kachasu ali pomwepo ndipo ambiri amabwerera kumowa kangapo asanasiyiretu. Akagwanso mubwerere naye kukiliniki komweko, musabise.

Ngati pambuyo pake mufuna abwere ku Lusaka kuti atalikirane ndi anzakewo, abwere atamaliza masiku oopsa aja, ndipo mupeziretu chochita cha masana, ngakhale kuthandiza pa shopu kapena pa ntchito yomanga. Ku Mtendere nakonso mabala amatsegula m'mawa, ndipo timabotolo tija tili pa ngodya iliyonse.