Kabokosi ka apongozi: kodi si chithumwa?

Mayi wina wa ku Matero wandilembera imelo. Apongozi ake, Akatolika okhwima, amasunga kabokosi kamkuwa kokhala ndi kagalasi pamwamba, ndipo m'kati mwake muli kansalu kakang'ono kamene akuti kanakhudza mafupa a woyera mtima. Amuna a mayiyu, amene tsopano amapemphera ku Pentekosite, akuti n'chithumwa, chichoke m'nyumba. Ndiye akufunsa kuti akulondola ndani.

Mayi, mwambowu ndi wakalekale. Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, ataphedwa cha m'ma 155, Akhristu anatola mafupa ake n'kuwasunga kuti azisonkhana pomwepo chaka ndi chaka. Msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea mu 787 unalamula kuti tchalitchi chisapatulidwe popanda zotsalira za oyera. Baibulo nalo silinakhale chete: pa 2 Mafumu 13:21 mtembo unakhudza mafupa a Elisa n'kudzuka, ndipo pa Machitidwe 19:12 odwala ankachira ndi nsalu zochokera pathupi la Paulo.

Akatolika amagawa zinthuzi patatu: thupi lenilenilo, zimene woyerayo ankavala kapena kugwiritsa ntchito, ndi zimene zangokhudzitsidwa ku zimenezi. Ka apongozi anuko n'ka gulu lomalizali, ndipo totere tilipo tambirimbiri. Chiphunzitso chawo, monga anachibwerezera pamsonkhano wa maepiskopi ku Trent mu 1563, n'chakuti zotsalirazi zimapatsidwa ulemu, wochiritsa ndi Mulungu. Zili ngati chitenje cha malemu amayi anu chimene simulola mwana kukolopera pansi. Anthu amene amakhamukira ku Namugongo ku Uganda pa 3 Juni, kumene Charles Lwanga ndi anzake anawotchedwa mu 1886 chifukwa cha chikhristu chawo, amapita ndi mtima womwewo.

Komatu bambo akunyumbawo musawaseke. John Calvin, mmodzi wa atsogoleri a Chiprotestanti, mu 1543 ananyoza kuti tizidutswa ta mtanda wa Yesu timene tinali m'matchalitchi a ku Ulaya tikanadzaza sitima yapamadzi. Anawonjezako mchere, koma zachinyengo zinalikodi. Ngakhale njoka yamkuwa ya Mose, Hezekiya anaiphwanya anthu atayamba kuifukizira lubani (2 Mafumu 18:4). Ndipo ine zimandiseketsa kuti ena otukwana kabokosi kotere ndi omwewo amagula mafuta ndi madzi odzozedwa kwa aneneri a m'tauni muno.

Ndiye khalani pansi ndi apongoziwo, osati patsiku la mkangano, muwafunse mwaulemu kumene anakatenga komanso chimene amayembekezera. Ngati amangokaika pafupi ndi kolona akamapemphera, asiyeni. Ngati akufuna kukamangirira m'chiuno mwa khanda kuti mfiti zisamayandikire, pamenepo adutsa malire a mpingo wawo womwe. Afunseninso ngati analipira. Lamulo la Katolika nambala 1190 limaletseratu kugulitsa zotsalira za oyera, ndiye ngati wina anawatchulira mtengo wa makwacha, pitani nako kwa bambo mfumu a parishi yawo akakaone.