Mbale ya agogo anuyo musathamange nayo

Achemwali, nditangoona chithunzi cha mbale ya agogo anu mwaikachi, mukufunsa za chidindo chili pansi pake, mtima wanga unangoti myuu. Chonde, munthu akukukakamizani kuti mumugulitse lero lomweyo muuzeni adikire. Chidindo chili pansipo, korona ndi mawu oti Johnson Bros England, ndi cha fakitale yeniyeni, inayamba mu 1883 ku Hanley, m'dera la Stoke-on-Trent komwe kunali kuchimake kwa mbale zadothi. Mawu oti England kawirikawiri amatanthauza kuti si yakale kuposa 1891, chifukwa ndi pamene America inalamula kuti katundu wolowa kwawo azilembedwa dziko lomwe wachokera. Pakanakhala Made in England bwenzi tikunena za m'ma 1900, kawirikawiri kuyambira cha m'ma 1920.

Ine zonsezi ndinazidziwa mbale zitapita kale. Agogo anga aamuna anali khukhi kwa mzungu wina ku Zomba, ndipo banjalo pobwerera kwawo mu 1964 linawasiyira mbale zisanu ndi imodzi ndi chimbale chachikulu chamaluwa abuluu. Agogo aakazi ankazikiyira m'kabati, kiyi pakhosi. Chimbalecho chinkatuluka pa Khirisimasi pokha, atathira nkhuku ndi mpunga, ife ana tikuuzidwa kuti manja kumbuyo.

Agogo atamwalira, tisanamete n'komwe, msuweni wanga anabwera ndi bambo wina wa galimoto, akuti amagula zinthu zakale. Tinali ndi ngongole ya bokosi, ndipo msuweniyo ankadziwa bwino lomwe. Bamboyo anakhala pakhonde, n'kutembenuza chimbale chija, n'kupukuta pansi pake ndi chala chachikulu. Ndinamuona ndi maso angawa ataima kaye phee. Panali kachizindikiro kangodya zinayi, ngati dayamondi wa pa makadi a njuga, pakati palembedwa Rd, m'makona muli timalemba ndi manambala, pamwamba kabwalo kolembedwa IV. Anakayang'ana kawiri, kenako nkhope n'kuigwetsa, amvekere, "Amayi, izi n'zongokopera. Mukuona pena palembedwa England apa? Zenizeni amalemba." Mayi anga anachita manyazi ngati agwidwa akunama. Anapepesa! Anapepesa kwa munthu amene ankawabera pakhonde pawo pomwe. Anatipatsa K20,000 pa zonse, amvekere akungotithandiza poti tili pachisoni, ndipo mayi anazikulunga okha m'chitenje cha agogo kuti zisasweke panjira. Chitenjecho chinapitira limodzi.

Mwamwayi ndinali nditajambula pansi pa chimbalecho pafoni. Patapita miyezi ndinafufuza pa intaneti usiku wonse, ndipo ndinalira. Kadayamondi kameneko boma la Britain linkapereka kuyambira 1842 mpaka 1883 basi, polembetsa kapangidwe ka katundu, IV ija ikuimira zadothi, timalemba tija tikusonyeza chaka ndi mwezi. Kuyambira 1884 anasintha, ankangolemba Rd No ndi nambala. Ndiye kusowa kwa England komwe iye anatinyozera nako, ndi komwe kunkasonyeza kuti chimbalecho n'chakale kwambiri, chakale kuposa agogo eni ake. Ankadziwa, munthu uja ankadziwa. Koma amene amandiwawa kwambiri ndi msuweni wanga, magazi amodzi, amene anadyerapo nkhuku pa chimbale chomwecho, n'kukalandira kangachepe kuseri kwa galimoto. Mpaka lero tikakumana pamaliro moni ndimangomupatsa wapakamwa.

Ndiye inu musaitsuke ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulo pofuna kuti chidindo chioneke, mudzachifufuta. Madzi ofunda ndi sopo basi. Zimitsani magetsi muunike ndi tochi cham'mbali, chifukwa zidindo zina anazidinda m'dothi lisanaume, zilibe utoto, zimangooneka ngati tizipsera. Mukaona chaka cholembedwa pafupi ndi dzina, makamaka ndi mawu oti Est., musasangalale msanga, chimakhala chaka chomwe fakitale inayamba osati cha mbaleyo. Muyang'anenso zina zili m'kabatimo. Yolembedwa Nippon ndi ya ku Japan pakati pa 1891 ndi 1921, Occupied Japan ndi ya nkhondo yachiwiri itangotha mpaka 1952, W. Germany siingapitirire 1990, Czechoslovakia siingakhale ya 1918 isanafike. Ikanena zoti mutha kuitsukira m'makina, imeneyo ndi yadzulodzulo.

Komanso ndisakunamizeni, achemwali. Za Johnson Bros anapanga zambirimbiri n'kutumiza dziko lonse, ndiye imodzi yokha, yokhalanso ndi kamng'alu ndikuona m'mbalimo, musayembekezere kuti mumangira nyumba. Ndipo mbale yopanda chidindo si kuti ndi yakale ayi, za pamsika zambirinso zilibe. Ngati pakhomo pavuta ndipo mtengo ndi womveka, gulitsani, palibe angakunyozeni. Kungoti mufunse anthu atatu osadziwana, ndipo asabwere ndi wachibale. Jambulaninso pansipo padzuwa, pafupi, muike pano ndione ngati pali nambala ina pambali pa koronayo.