Voisi ya achimwene pa za mahedifoni a mwana wa achemwali

Ndailemba voisi ya achimwene ija poti ena mwati bandulo yatha siikutseguka. Achemwali anafunsa kuti mnyamata wawo wa Fomu 2 uja akavala mahedifoni nkumasewera magemu pafoni samva olo umuitane kangati, ndipo dzana wanena kuti m'khutu mukulira, nde ndi mwano chabe kapena makutu akuwonongeka. Achimwene ayankha chonchi.

Eee achemwali mwaswera bwanji ku Bembeke, kuzizira kuli bwanji kumeneko, kuno ku Ntcheu nako sikukutisiya. Meseji yanu ndinaiona m'mawa koma ndinati iyi yokha sindingalembe ndi zala, bola ndiyankhule, nde mupirire italikirapo. Amayi ndaona afunsa kale kuti kodi mdzukulu wanga wagontha, ayi amayi mtima m'malo, sitinafike poti tizikamba za sukulu ya ana osamva ya ku Mua. Koma si nkhani yoseka, ndipo m'gulu muno woyenera kuikamba ndine chifukwa pano ndikuyankhula nanu khutu langa lakumanzereli likulira ngati muli nyenje.

Za mwanozo kaye. Kusamva atavala zinthuzo pakokha si matenda, inunso atakutsekani makutu mfuti zikulira m'menemo simungamve munthu akuitana ali kukhitchini. Chimene chandigwira ine ndi chachiwiricho, choti wanena yekha kuti m'khutu mukulira. Mwana angapeke mutu kapena m'mimba kuti ajombe kusukulu, koma kulira kwa khutu sangapeke. Mumufunse mwachifatse osati mokalipa, kumayamba nthawi yanji, akangovula kumene kapena usiku kukakhala zii, kukacha kumasiya kapena kumapitirira, khutu limodzi kapena onse awiri. Ngati kumasiya ndekuti khutu likungomuchenjeza, mpata ulipo.

Mukukumbukira kanyumba ka magemu ndinali nako ku Lizulu kaja eti, ma PlayStation awiri, sabufa pakhomo yoitanira ana, magetsi akathima jenereta kuseri kwa khoma, tsiku la msika nde usanene. Tsiku lonse ndili m'phokoso limenelo, usiku ndikatseka mmalo mopumitsa makutu ndimatenga foni, PUBG, mahedifoni m'makutu mpaka 1 koloko. Apa nde pamene inu osasewera simumvetsa, mumangoona ngati mwana akukweza dala. Magemu owomberanawa, kaya PUBG kaya Free Fire kaya Call of Duty, umawina ndi makutu. Uyenera kumva mapazi a mdani, akubwera kumanja kapena kumbuyo, ali m'nyumba kapena panja, ndipo mapaziwo amamveka chapansipansi kwambiri, nde umakweza kuti uwamve. Vuto nlakuti voliyumu wakwezera mapaziyo ndi yomweyo imene mfuti ilirire, bomba likaphulika likuphulikira m'kati mwenimweni mwa khutu, pamwamba pake anzako anayi akukuwa pa maiki kuti thawa thawa ali kumbuyo kwako. Foni imachita kukuuza, kameseji kamatuluka koti mukapitirira apa makutu atha kuwonongeka, tonse timangodina OK osawerenga nkomwe, ine ndinkakwiya nako kuti kakundichedwetsa.

M'kati mwa khutu, kupitirira kanembanemba kamene timati ng'oma kaja, muli kanthu kopindika ngati nkhono, kakang'ono ngati njere ya nsawawa. M'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi pamwamba, tokwana mwina 15,000 khutu lililonse, timeneto nde timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likachuluka timagona pansi ngati chimanga chanthete chikawombedwa ndi mphepo, mukudziwa chimadzukanso pakapita masiku, nchifukwa chake ukachoka ku ukwati komwe unakhala pafupi ndi masipika makutu amakhala ngati mwalowa madzi koma mawa lake uli bhobho. Koma mphepo ikamawomba tsiku ndi tsiku phesi limathyoka, ndipo lothyokalo silidzukanso. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso kwa munthu, palibe jekeseni palibe mankhwala azitsamba. Chopweteka nchakuti kwa nkhuku timameranso, nkhuku yanu ya pakhomoyo ili ndi mwayi kuposa ine kkkk.

Phokoso amaliyeza ndi ma decibel. Mmene timachezera pakhonde ndi cha m'ma 60. A WHO, aja oona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu atha kumvera phokoso la 80 kwa maola 40 pa sabata osavulala, kwa ana amatsitsa kufika 75. Tsono mvetserani apa, mukangowonjezera 3 yokha nthawi ija imadulidwa pakati, pa 83 ndi maola 20, pa 86 maola 10, pofika 90 kwatsala maola 4 basi sabata yonse, pa 100 ndi mphindi 20. Ndipo mahedifoni ambiri ukakweza mpaka kumapeto amafika pa 100 kapena kupitirira. Ine ndimangoti khutu lili ndi bandulo ya pa sabata. Ukamvera motsitsa zili ngati ukungotumiza mameseji pa WhatsApp, imakufikitsa Lamlungu, ukakweza zili ngati wayatsa mavidiyo, yatha usanadziwe. Tiyerekeze mnyamata wanuyo amasewera maola atatu pa tsiku ali cha pa 90, Lolemba wadya atatu, Lachiwiri ola loyamba lokha bandulo yatha, masiku ena onsewo akudya za ngongole. Ndipo bandulo yake ndi imodzi yomweyo, mukamutuma kuchigayo nkuima pafupi ndi injini ikudyeka, pa kabaza ya njinga yamoto yophulika ekizozi ikudyeka, masipika a kutchalitchi aja alamu amakonda kukhala pafupi nawo, pepani alamu, nawonso akudya pomwepo.

Si ife tokha ayi. A WHO omwewo amati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pa chiopsezo chifukwa cha kamveredwe kotereka, ndipo mu Januwale 2024 magazini ya madokotala ya BMJ Public Health inatulutsa zimene anapeza atasonkhanitsa kafukufuku 14 wa anthu oposa 50,000, zikusonyeza kuti osewera magemu ambiri amafika kapena kupyola malire aja, ndipo kulira kwa makutu ndi kusamva bwino kumapezeka pakati pawo. Ine zonsezi ndinaziwerenga mochedwa, madzi atafika kale m'khosi.

Chimene chimapusitsa nchakuti sumagontha lero ndi lero, ndipo sizipweteka. Zimayamba kuthawa ndi timawu tating'ono tokwera, s, f, ts, mawu a ana, kulira kwa timba. Galimoto ukuimva, ng'oma ukuimva, nde umati makutu anga ali bwino, anthu ndi amene akumeza mawu. Ine ndinazindikira pa chinkhoswe cha msuweni wathu uja, tili pakati pa anthu zoimbira zikulira, mayi a kunyumba akundiuza kuti sindibwera nawo kumsika, ine ndinamva ndibwera nawo, "si" wa kumayambiriro uja anangosowa. Ndinawadikira pamsewu pafupifupi ola lathunthu dzuwa likundiwotcha, kubwerera ndakwiya, iwo akudabwa kuti nanga si ndinakuuzani. Tinakangana zenizeni tsiku limenelo. Kenako zinachuluka, pamaliro abusa akulalikira ndikungoona pakamwa, pafoni ndikusinthira khutu lakumanja osadziwa kuti ndikutero, wailesi ndikukweza ana nkumati adadi mwatisokosa. Nditapita ku Lilongwe kukayezetsa anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa bwino kopanda phokoso, kundiveka mahedifoni, ati mukamva kulira dinani batani. Poyamba ndikudina monyada, kenako ndikuona dzanja la woyezayo likusuntha koma ine zii, palibe chikumveka. Pa pepala mzere unayenda bwinobwino kenako nkugwera m'dzenje cha pa timawu tokwera ta pa 4,000 paja, akuti dzenje limenelo nde chidindo cha phokoso. Chifukwa chake lakumanzere linaposa ndikuchidziwa ndekha, timahedifoni totchipa ta pamsika tija mbali imodzi imafa msanga, ine ndinakhala miyezi ndikumvera khutu limodzi, nkumakwezanso kuti zikwanire. Mukaone ta mwanayo ngati tikulira mbali zonse.

Nde musamulande foni achemwali, ndikukudziwani, mwina mwaibisa kale m'thumba la ufa. Mukalanda azikasewera ya mnzake ku trading centre komwe kuli phokoso kale, ndipo m'phokoso ndi mmene munthu amakweza kwambiri kuti apose za panjazo. Bola azisewera pakhomo pomwe mukumuona. Voliyumu isapyole 60 pa 100, ndekuti kungodutsa theka pang'ono. Mafoni ambiri ali ndi poikira malire mu settings, Samsung ili napo, iPhone ili napo, yakeyo ndidzaiona ndekha. Mu gemu momwemo mulinso potsitsira nyimbo payokha ndi mawu a anzake paokha, nyimboyo angoithimitsa siithandiza kuwina, ndipo mu PUBG mapazi a mdani amaonekanso pa kamapu kapakona, aphunzire kugwiritsa maso. Akamaliza raundi azivula kaye, atuluke akatunge madzi, makutu apume, osati maola atatu osavula. FIFA ndi magemu ena a mpira safuna nkomwe mahedifoni, asewere pa sipika ya foni.

Kuyesa kwake nkosavuta, muime pafupi naye poti mutatambasula mkono mumukhudza, muyankhule mmene mumayankhulira masiku onse. Akapanda kumva yakwera. Mukamamva inu muli apo kuti tsitsitsi zikutuluka m'makutu mwake, yakweranso. Ndipo ngati alamu angakwanitse amugulire aja ophimba khutu lonse kapena a timphira totseka bwino, chifukwa akatchinga phokoso la panja safunanso kukweza, komatu amenewo asamayende nawo mu M1, malole a pa Bembeke paja saima. Za kugona nawo m'makutu usiku wonse nyimbo zikulira zithe lero lomwe.

China, amayi ndamva mwati mwina ndi phula tingomuchotsa ndi nthenga ya nkhuku. Chonde ayi. Nthenga, kamtengo ka machesi, timitengo ta thonje tija, zonsezo zimangokankhira phula m'kati ndipo mutha kuboola ng'oma. N'zoona phula litha kutseka khutu mpaka kulira, nchifukwa chake ndikuti mupite naye kuchipatala cha boma ku Dedza akamuunike ndi katochi kaja, ngati ndi phula kapena mafinya amuthandiza komweko nkhani yatha. Koma kulirako kukapitirira masiku angapo atasiya phokoso, kapena mukaona akuti chani chani pafupipafupi, kapena aphunzitsi akudandaula kuti samvetsera m'kalasi, pemphani kuti akayezedwe makutu ndi makina, ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ya ABC ku Area 47, ku Blantyre amayeza ku Queen Elizabeth. Ndipo likangotseka khutu limodzi mwadzidzidzi, wadzuka m'mawa silikumva, musadikire kuti tione mawa, limenelo nlothamangira tsiku lomwelo.

Mukamamuuza musayambe ndi zoti magemu ndi a satana, atseka makutu omwe tikufuna kupulumutsawo kkkk. Ingomuuzani kuti amalume ako ankamenya PUBG kuposa iwe, pano mapazi a kumanzere sawamva, amaphedwa ngati nkhuku. Zimenezo zimuwawa kuposa chikwapu. Kapena musiyeni, Loweruka ndikubwera kudzatenga mbatata ija munandilonjeza, ndidzakhala naye pansi ndimuonetse pepala langa la dzenje lija, foniyo ndidzaikonze ndekha, kenako timenye raundi imodzi pa theka tione ngati angandiwine. Alamu mundisungire kachewere wabwino osati wa mphutsi ngati ulendo watha uja. Basi kasitomala wabwera, ndadula kaye.